Chipewa cha Mwana wa Tisungane

Lolemba, 17 Novembala 2025

Mvula chiyambire m'mawa. Tiyi waphukira esiteti yonse, dengu kulemera, msana ngati si wanga. Poweruka ndapeza amuna anga a Fabiano atadzinyowetsera pampando. Chaka ndi miyezi iwiri chigwereni ndi sitiroko. Munthu amene anali kapitawo, akakuwa mawu kumveka tsidya la mtsinje. Lero kuti ndimve "madzi" mpaka atchule katatu.

Ndawasambitsa. Kenako pamakina osokera. Zikwama zinayi: kunja thumba la ufa, mkati zidutswa za zitenje. Zogwirira ndasoka mobwereza, munthu akaikamo chinangwa zisaduke.

Lachitatu, 19 Novembala

Mwana wanga Tisungane wachira ku Limbe. Wamkazi! Mdzukulu woyamba, ine kumuonera pafoni ya a Leah a khomo linalo, kachithunzi kachimbuuzi. Limbe si kutali. Koma a Fabiano ndiwasiyira yani? Masana a Leah amawasuzumira, koma kuwanyamula sangathe.

Ndamasula juzi yanga yachikasu. Ndayamba kuluka kachipewa.

Loweruka, 22 Novembala

Ku Makwasa kukasiya zikwama kugolosale ya mayi Hanifa. Za sabata yatha zinapita zonse. Akuti masiku ano majumbo akusowa, anthu akufuna chikwama choti chikhalitse. Anatembenuza chimodzi n'kuyang'ana msoko. "A Vailet, achimwene anga ku Limbe akufuna telala wokhazikika. Manja awa si otcholera tiyi."

Ndinaseka. Pobwerera, pakati pa minda, ndalira ngati mwana.

Nyumba ndi ya kampani. Ndikatula dengu, tituluke. Kwathu ku Masambanjati malo anagawana kalekale. Munthu wosayenda ndikamugoneka pati? Mapiri onsewa obiriwira, alendo amaima kujambula. Ine ndimaona mpanda.

Lachiwiri, 25 Novembala

Alamu anga a Miriam avomera kudzakhala ndi achimwene awo Loweruka ndi Lamulungu. Ndipita! Masiku awiri okha, koma ndipita. Ndasoka chikwama chachikulu cha matewera, chamatumba awiri m'mbali. Chipewa chatsala kumutu kokha.

Ndawauza a Fabiano. Angoyang'ana khoma.

Lachinayi, 27 Novembala

Ndinasiya zoluka pampando pafupi ndi a Fabiano. Pobwera kumunda ndapeza wulu uli mbwee pansi, singano kuseri kwa chitseko. Chipewa chonse aphwasula. Ndi dzanja limodzi lamoyolo. Si ngozi ayi, ntchito imeneyo yawatengera nthawi.

Ndalankhula mawu oti sindingalembe muno. A Leah amva, ndikudziwa. A Fabiano misozi ikutsikira kukamwa kokhotako. Kenako, movutikira: "Su-bwe-ra."

Akuopa kuti ndikakwera minibasi sindibwereranso.

Chondiwawa n'chakuti sananame kwenikweni. Ndinaziganizapo, tsiku lija la mayi Hanifa. Kuyambira pagolosale mpaka pamlatho ndinali mkazi wopanda mwamuna, ndipo mtima unapepuka. Mulungu andikhululukire.

Loweruka, 29 Novembala

A Miriam sanabwere. Akuti maliro ku Goliati. Uthenga wafika nditavala kale, nsapato kuphazi.

Ndavula. Ndapinda diresi. Pamakina mpaka dzuwa kupendeka, zikwama zisanu ndi ziwiri. Singano ziwiri zathyoka. Tisungane sakuyankha foni.

Lachisanu, 5 Disembala

Chipewa ndalukanso. Wulu wopotanapotana, sichikuoneka bwino ngati poyamba. Ndimachibisa mumphika pamwamba pa kabati, ngati ndikubisira mwana shuga.

M'nyumba muli zii. A Fabiano ndikawapatsa phala, amamwa. Ndikawatembenuza, amatembenuka. Dzulo anandigwira chitenje, osachisiya. Ndinaima pomwepo mpaka dzanja linatopa lokha.

Kumunda alengeza kuti akulemba otchola a nyengo ya mvula. Atsikana ali pamzere kuofesi, ena ana kumsana.

Lamulungu, 7 Disembala

Ndikuchapa matumba pakhonde, ndangoona munthu akukwera kanjira ka m'tiyi. Mwana kumsana, sutikesi pamutu, ndowa kumanja. Tisungane.

Ndathamanga thovu lili m'manja. Kamwana kopepuka, tsitsi lambiri, mphuno ya agogo ake aamuna. Ndakaika pamiyendo pa a Fabiano, akagwira ndi dzanja lija. Aseka. Ndinali nditaiwala kuti amaseka. Chipewa chamukulira, chikumutseka maso.

Koma wodzacheza sabwera ndi ndowa.

Sindinafunse. Wanena yekha tikusenda mbatata. Mwamuna wake Leonard walowetsa mkazi wina m'nyumba. "Akuti ndikapumulire kwathu." Masabata atatu asanakwane chichirireni.

Zipinda ziwiri. Anthu anayi.

Kenako, maso ali pambatata: "Amayi, ndamva kuti kampani ikulemba. Mukandinenereko kwa akapitawo."

Mwana amene ndinamuphunzitsa mpaka Fomu 4 kuti dengu lisadzamukhudze kumsana. Ine ndinalowa m'tiyi ndili ndi zaka zakezi, ndinkati nyengo imodzi yokha.

Ndati anatseka kale. Bodza. Akulemba mpaka Lachisanu, ndipo a Leah pakamwa sipakhala chinthu.

Ndamukoka dzanja, ndamukhazika pamakina, thumba lodula kale. Mzere woyamba wokhota, ndamuuza aphwasule. Wachiwiri wakhotanso. Ndatsala ndi masiku asanu. Wachitatu ukuoneka ngati...

Mwana wadzuka.