Mvunguti wa malemu mkazi wanga wachiza wina

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi kufupi ndi Sinda. Kwathu ndi ku Vubwi, kuno ndinabwera chikamwini. Mkazi wanga Rebecca tamuika mwezi watha, chimanga chili chouma m'munda. Anali ndi chotupa m'bere chimene chinaphulika n'kukhala chilonda. Pamene tinkafika naye kuchipatala cha mishoni ku Katete, adokotala anati ndi khansa ndipo yalowa kale m'kati.

Kuseri kwa nkhokwe yathu kuli mtengo wa mvunguti. Rebecca ndiye anauteteza ali mtsikana pamene abambo ake ankafuna kuudula. Atadwala tinkaotcha zipatso zake zouma, n'kuzisinja, n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi. Ndinkamupaka ndekha m'mawa ndisanapite kusukulu. Fungo linkachepa, m'mbali mwa chilonda munkauma, koma iye ankangotha.

Mng'ono wake Beatrice nayenso anatuluka kachilonda pabere nthawi yomweyo. Mankhwala anali omwewo, otapa m'chikho chimodzi. Chake chinatseka.

Aphungu, ndili ndi nsanje, ndipo ndikuchita nayo manyazi. Mwamuna wa Beatrice, a Wilson, ndi mkamwini mnzanga. Tinkalimira limodzi apongozi athu, tinkabwerekana njinga. Lero ndikawaona Lamulungu akupita kutchalitchi, mkazi wawo ali pambuyo atavala duku yatsopano, ndimalowa m'nyumba. Mbiri yafika kutali, moti anthu akupalasa njinga kuchokera ku Mkaika kudzatola zipatso. Amafunsa kuti, "Uli kuti mtengo wa mai Beatrice uja?" Ndimawalozera ndine. Palibe amene amatchula Rebecca. Tsiku lina a Wilson anandiuza akumwetulira, "Aphunzitsi, mtengo uwu mukaulembe m'mabuku anu aja, azungu adziwe." Sananene ndi choipa. Koma madzulo ake ndinanola nkhwangwa, ndipo ikadali kuseri kwa chitseko.

A Zuberi a sitolo ku Katete amandisungira manyuzipepala akale. M'menemo ndinawerenga kuti kunja madokotala akuyesa mitengo ndi zipatso kufunafuna mankhwala a khansa. Kodi mvunguti ndi umodzi mwa imeneyo? Ngati umachizadi, unasankhiranji wina n'kusiya amene anaupulumutsa?

Pali chinanso. Popeza maso anga sachoka pa Beatrice, ndaona kuti akasinja amasiya munsi kawirikawiri n'kugwira m'khwapa. Mtsuko akumasenza ndi dzanja lamanzere, ndipo amadikira wina amutule. Rebecca anayamba chomwecho. Dzana Beatrice anandipeza ndikumuyang'ana, nati, "Alamu, mwandiona lero kodi? Mkazi wa mwini uyu." Anaseka, inenso ndinaseka.

Sindinauze munthu. Mkamwini woferedwa akati mkazi wa mnzake sanachire, mukudziwa dzina limene adzamupatse. Ndiponso ine mwini sindikudziwa ngati ndaonadi matenda, kapena mtima wanga ukufuna kuti ndiwaone. Mwezi wamawa abale a mkazi wanga akumana kuti andisudzule ndibwerere kwathu. Ndidule mtengowo ndisanapite, kapena ndingopita chete?

T. B., Sinda

*

Bambo T. B.,

Pepani ndi maliro. Munthu amene ankapaka mkazi wake mankhwala m'mawa uliwonse si woipa mtima, ndipo nsanje yanuyo ndi chisoni chimene chasowa pokhala. Koma pomaliza mwandifunsa mafunso awiri, ndipo onse ndikuti ayi.

Nkhwangwa ibwerere kunkhuni. Inu ndinu mkamwini, mtengowo ndi wa mbumba ya eni ake. Mukaudula mudzalipa mlandu, ndipo choipitsitsa n'chakuti mawu anu onse adzagwa nawo limodzi. Adzati, "Si uja anadula mtengo?" Komanso amene anauteteza ku nkhwangwa poyamba ndi Rebecca. Musamalize inu zimene iye analetsa bambo ake.

Za mvunguti ndinene mosabisa. Makolo akhala akuupaka pa zilonda, ndipo ambiri amati umaumitsa. N'zoona kuti madokotala akuyesa mitengo, ndipo mwina tsiku lina adzapezamo kanthu. Koma ine sindinamvepo dokotala wotsimikiza kuti mvunguti wachotsa khansa m'thupi la munthu. Mtengo sunasankhe pakati pa ana a mayi mmodzi. Mwina chilonda cha alamu anu chinali wamba ndipo chapoladi. Mwina chatseka pamwamba pokha, matenda ali pansi. Zimenezi simungazidziwe inu, sindingazidziwe ine, sangazidziwenso a Wilson. Angazidziwe ndi amene angamuyeze.

Mukuopa kuti mwaona ndi maso ansanje. Zingakhale choncho. Koma nsanje sisenzetsa munthu mtsuko ndi dzanja lamanzere. M'mudzi monsemo ndinu nokha amene munaonerera matendawa kuyambira pachiyambi mpaka kumanda, ndiye mukudziwa mayendedwe ake. Enawo akuona duku.

Musapite kwa Beatrice, ndipo musayambire kwa mwamuna wake. Pitani kwa mwini mbumba, mlongo wawo wa akazi awiriwa, amene ali ndi udindo pa moyo wa wotsalayo. Tengani ankhoswe anu akhale mboni. Pitani masana, anthu akuona. Musakanene kuti sanachire, kapena kuti mtengo ndi wabodza. Mukangonena zimene mwaona: munsi, mtsuko, dzanja m'khwapa. Kenako mukati, "Mwaika kale mlongo wanu mmodzi, ndipo adokotala anati tinachedwa. Uyu mupite naye akamuone." Njira ya kuchipatala mukuidziwa, ndi khomo loyenera kugogoda. Dziperekeni kuwatsogolera, njinga yanu ikweze wodwala.

Kodi adzakunenani? Mwina. Ena adzati nsanje, ena adzatchula liwu lija mukuliopa. Mukakhala kuti munalakwitsa, adzakusekani mpaka mutakwera lole, ndipo mudzafika ku Vubwi ndi manyazi. Manyazi amenewo amatha. Koma mukapita chete, uthenga n'kudzakupezani kwanuko mvula ikugwa, mudzanyamula maliro awiri, ndipo achiwiriwo simudzakhala ndi mtengo wouloza chala.

Tsiku lokusudzulani mudzapatsidwa mpata wolankhula. Pemphani chinthu chimodzi: kuti alendo akafunsa, aziuzidwa kuti mtengowo ndi wa Rebecca. Ndikhulupirira mng'ono wake ndiye adzayambe kuvomera, pakuti iyenso waferedwa, ngakhale inu mwangoona kuti ali moyo.

Chenjezo langa ndi ili. Anthu a njinga aja muziwauza kuti chipatso chachiwisi cha mvunguti sadya ndipo samwa, chimapweteka m'mimba, ndiponso kuti chotupa cha m'bere chimafuna chipatala chisanaphulike. Inunso musadikire tsiku lokusudzulani kuti mulankhule za alamu anu. Lero mukadali mlamu wa pakhomo, mawu anu ali ndi mpando. Akakusudzulani mudzakhala mlendo wa ku Vubwi. Pitani sabata ino.

Aphungu