Nyimbo Yanu ya Pamtondo

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno kwa Mlolo tilipo. Madzi a chaka chino anafika mpaka pamtengo wa masawu uja, koma nyumba sinagwe. Tinachita monga munkanenera, kuti madzi sukangana nawo, umangokwera pachulu n'kudikira. Ataphwa tinabzala mbatata kudimba ndipo zachita bwino. Thonje ndiye lagwa mbozi. Mu Epulo ndinabereka mwana wamwamuna, tamutcha Tomasi. Khadi lake la chipani tinadula asanabadwe, poti pachipata cha msika anyamata achipani aja anati wam'mimbayo nayenso ndi munthu.

Koma chimene ndakulemberani ndi nyimbo yanu ya pamtondo, ya Chisena ija, yonena za bwato lopita kwanu kutsidya. Ndinaipereka, amayi.

Zinayenda chonchi. Kunabwera uthenga woti Mtsogoleri afika kuboma kudzayendera mbewu, ndipo nthambi iliyonse ya amayi ikaonekere ndi nyimbo yatsopano. Amayi apampando a nthambi yathu anandipeza pachitsime. Anati, "Mariya, iwe mawu uli nawo. Utipekere nyimbo pofika Loweruka." Ndinawayankha kuti kupeka sindidziwa. Iwo anaseka, n'kufunsa kuti, "Kodi amuna ako aja, a Zuze, paja anabadwira mbali iti ya malire?" Inu mukudziwa kuti a Zuze anabadwira kutsidya, ndipo masiku ano munthu akangolozedwa chala, galimoto imabwera, basi osamvekanso.

Ndiye ndinatenga nyimbo yanu, ndinachotsa mawu a bwato, n'kuikamo mawu othokoza chifukwa cha mtendere ndi misewu. Tsikulo tinavina padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, amayi awiri anakomoka. Nyimboyo Mtsogoleri anaikonda. Tsopano imamveka pawailesi, ndipo kusukulu ana amaiimba m'mawa uliwonse asanalowe m'kalasi. A Zuze palibe wawafunsanso kanthu.

Sabata yatha ndinkasinja mapira ndi Luwiza, mdzukulu wanu, amene tsopano ali Sitandade 2. Mosaganiza ndinayamba kuimba mawu anu akale aja. Mwana anaimika munsi. "Amayi, mukulakwitsa," anatero. "Sitiimba choncho. Aphunzitsi anati tikamva munthu akusokoneza nyimbo za dziko tikanene." Sikuti ankandiopseza ayi. Nkhope yake inali ya mwana wofuna kuthandiza mayi ake asalowe m'mavuto. Ndinayang'ana kumpanda kuti mwina pali wina wamva, kenaka ndinamuthokoza m'Chisena, ndinati, "Takhuta mwanangu, ndinaiwala." Tinamaliza kusinja tikuimba mawu atsopanowo, iye akutsogolera.

Mwanayo sindimuimba mlandu, akuchita zimene amuphunzitsa. Chimene chandipweteka ndi cha dzulo. Ndinali ndekha kudimba, kopanda munthu wina aliyense, ndipo ndinati ndiimbe nyimbo yanu yonse, mwina mungamve kumanda komwe munagonako. Mizere iwiri yoyamba inabwera bwinobwino. Pamzere wachitatu, paja bwato limafika pamchenga, pakamwa panga panatuluka mawu othokoza aja. Ndinayambiranso kanayi konse, chimodzimodzi. Mawu anu asowa. Kenaka ndinazindikira kuti nthawi yonseyi ndikuimba monong'ona, m'munda mwangamwanga. Munkakonda kunena kuti lilime lili ngati mbuzi, dzuwa likapendeka limabwerera lokha kukhola limene lazolowera. Palibe anandimenya, amayi, palibe ananditsekera. Langa langosintha khola.

Amayi aang'ono, a Fatima, akadali ku Marka, ngakhale maso afooka ndipo sayendanso patali. Ndi okhawo otsala amene ankasinja nanu muli atsikana. Ndikulonjeza kuti mvula isanayambe ndipitako, ndikawapemphe andiimbire tili awiri m'nyumba, chitseko chili chotseka, mpaka mzere wachitatuwo ukhazikike. Luwiza sindimutenga. Ndidzamuphunzitsa akadzakula, akadzadziwa kusiyanitsa zokanena kusukulu ndi zosiya pakhomo.

Mundiperekere moni kwa abambo kumeneko. Za nyimboyi musawauze kaye, mudikire ndikaitenge.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mariya