Kompyuta yayamba kuthamanga, ine ntchito ikundipulumuka

Aphungu,

Ndikulemba mtima ukuwira, mundikhululukire ndikamveka ngati ndikukalipa. Ndine mayi wa ana atatu, ndimagwira ntchito pakauntala ya kampani yotumiza katundu. Kompyuta ya pamenepo ndi imodzi, timasinthana anthu atatu, aliyense amalowa ndi dzina lake. Inali yochedwa, sindikana. Ukaiyatsa m'mawa unkatha kusesa, kupukuta kauntala, kumwa tiyi, iyo ikadali kuyasamula.

Koma inkandidziwa. Maso angawa akhala akufooka, ndiye kumbali yanga ndinakulitsa zilembo n'kuchepetsa kuwala kuti kusamandilase. Ndikalowa, zonse zinkabwera momwe ndinazisiyira, ndipo palibe amene ankadziwa za vuto langa.

Ndiye kunabwera mkamwini wa abwana, wodzitcha katswiri. Akuti, "Amayi, makinawa akuchedwa chifukwa zokonda za aliyense zimasungidwa m'timafayilo tambirimbiri, poyaka amawerenga kamodzikamodzi. Ndiziphatikiza mufayilo imodzi." Anaphatikizadi, osafunsa munthu. Lero ukangodina yayaka kale. Koma fayilo imodziyo ndi ya tonse atatu! Ndikakulitsa zilembo, mnzanga wa masana amazipeza n'kumakuwa, "Ndani akuwerenga ngati mwana wa sitandade wani muno?" Amazichepetsa. Ine m'mawa ndimapeza tinyerere pagalasi, makasitomala ali pamzere mpaka pakhomo.

Sabata yatha ndinaphonya nambala, katundu wa munthu n'kupita kolakwika. Abwana anandizazira pamaso pa anthu: "Kale munkanamizira kompyuta. Pano munamizira chiyani? Mukabwerezanso, khomo ndi ilo." Mkamwini uja ali chilili pambali, manja m'thumba, akumwetulira. Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi sitepala!

Ndinene za maso, andichotse kuti ndakalamba? Ndikhale chete, ndilakwitsenso? Nanga ana anga adya chiyani?

Ine wopsa mtima,
N. K.

Mayi N. K.,

Mkwiyo wanu ndaumva, ndipo wandiyambukira. Munthu salowa m'nyumba ya eni ake n'kuyamba kusuntha mipando kuti apeze podutsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndi mkamwiniyo, phula mukudya ndinu.

Ntchito waigwira theka. Kuphatikiza timafayilo kuti makina asamachedwe poyaka si kulakwa ayi. Kulakwa n'kuthira anthu atatu m'thumba limodzi. Chinkachedwetsa kompyuta ndi kuchuluka kwa timafayilo, osati kuchuluka kwa inu.

Mawa lomweli mumuitanire pambali, sitepala muisiye patebulo. Mumuuze kuti aliyense akhale ndi fayilo yake imodzi. Poyaka, makina aziwerenga ya amene walowayo basi, ndipo liwiro limene akunyadiralo silichepa. Mumufunsenso ngati anasunga timafayilo takale asanasinthe. Ngati tilipo, zanu zibwerera momwe zinalili. Akayamba matama, mupite kwa abwana pamodzi ndi anzanu awiri aja, pakuti nawonso atopa n'kukonza zomwe wina wasintha. Pakamwa patatu sipanyozeka ngati pakamwa pamodzi.

Tsopano ndikukalipireni inuyo. M'kalata yonseyi mwatchula abwana, mkamwini, sitepala, koma chipatala ayi, ngakhale kamodzi. Mwakhala mukukulitsa zilembo mwakachetechete ngati kuti kompyuta ndi dokotala. Kapimitseni maso sabata ino. Mwina n'zongofuna magalasi, mwina ndi vuto loti likachedwa kugwidwa silibwerera m'mbuyo. Mukachoka kumeneko mukawauze abwana nokha, ndi pakamwa panu, asanamvere kwa kasitomala wina wolusa. Sindikulonjezani kuti akakuomberani m'manja, koma bwana amapirira magalasi, sapirira katundu wosochera.

Ndipo chenjerani, mayi: zilembo zili ndi polekezera kukula. Fayilo yanu mkamwini akhoza kukubwezerani mawa. Koma tsiku lomwe zilembo zazikuluzo zidzasandukenso nyerere, mudzapeza kuti maso anu akale palibe amene anawasunga penapake.

Aphungu