Sitalaka ya Amalume Dewey

Lachiwiri, 2 Seputembala

Bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto lakwezanso malipiro. Umembala wakwera, laisensi yakwera, chidindo chomata pa galimoto chakwera. Abwera ndi inanso yatsopano, ati ndalama yotukulira masewero. Kutukula ndani? Munthu umakonza wekha galimoto yako kuseri kwa nyumba, kuikoka wekha pa ngolo kupita ku bwalo la mayi Verna, kuthamanga masekondi khumi ndi awiri pa msewu wowongoka, basi, kubwerera kwanu ukununkha matayala opserera. Iwo ali mu ofesi yozizira mumzinda. Phula lathu amalipondako kamodzi pa chaka, tsiku la zithunzi.

Malamba a pampando mu Malibu, galimoto yampikisano ya amalume Dewey, ati atha nthawi. Abwinobwino, sanaonepo ngozi, koma pali kadeti. Lamba kutha nthawi ngati mkaka! Ndinawauza amalume kuti uku n'kudyera anthu masuku pamutu. Yankho lochokera pansi pa galimoto: "Tandipatsirani sipanala iyo, a Pulofesa."

Digiri ya zachuma ili m'kabati chichokereni ku koleji. Ine ndikugulitsa matayala mu shopu ya Odom. Tauni ino ikundifinya. Anthu ake amadziwa kudandaula ali chikhalire.

Loweruka, 6 Seputembala

Ku bwalo tsiku lonse. Dzuwa, utsi, masoseji a mayi Verna amene akwera nawonso. Amalume atuluka mu ndime yachitatu, komabe akutsogola pa mapointi a chaka chino. Hoyt Pruitt ali m'mbuyo mwawo, pafupi zedi. Watsala mpikisano umodzi, wa pa 27. Akachita bwino tsiku limenelo chikho n'chawo. Choyamba m'moyo wawo. Anayamba kuthamanga amayi akadali pa sukulu. Wachiwiri, wachitatu, wachiwirinso, woyamba ayi.

Amayi andinong'oneza pobwerera: diso lamanzere la amalume likuchita nkhungu. Dokotala sadzawasainiranso pepala lowalola kuthamanga chaka chamawa. Ndisauze munthu. Ndiye kuti chaka chino n'chomaliza.

Zandikhudza, zoona. Koma ndaonanso malo a akina Beasley ali pululu, a bambo wa galimoto yofiira uja pululu. Anthu akusiya mmodzimmodzi, mwaulemu, osatsazika, chifukwa thumba lakana. Palibe akuchitapo kanthu.

Nzeru yandifikira pa mzere wa kuchimbudzi. Sitalaka. Pa 27 mkulu wa Bungwe amabwera kudzapereka chikho. Adzapeze bwalo lopanda galimoto n'imodzi yomwe, azidzajambulitsa ndi udzu.

Lachitatu, 10 Seputembala

Msonkhano mu garaja ya Hoyt. Anadzipereka yekha, madonasi anagulanso yekha. Munthu ndinkamuganizira molakwika.

Ndinanyamula pulojekita yobwereka ku laibulale, zithunzi za mizere yokwera ndi yotsika. Chithunzi chachinayi chisanathe bambo Lemuel anali atayamba mkonono. Wina anafunsa ngati mzere wofiirawo ndi kutentha kwa injini. Ndinazimitsa makina n'kungonena mawu awiri: tisapite basi.

Garaja inagwedezeka. Hoyt anakwera pa tayala la thirakitala. "Mwana uyu wanena zoona, anthu inu! Ngolo yanga sidzatuluka pa geti. Ndikanama mudzandimete ndevu ndi galayindala!" Manja onse m'mwamba. Lemuel anadzidzimuka n'kukweza awiri, nkhani osaidziwa.

Amalume okha manja m'thumba. Ndinawayang'ana, aliyense anawayang'ana. Hoyt anati, "Dewey, chikho cha pulasitiki chaposa mwana wa mlongo wako?" Amalume anatenga donasi n'kutuluka.

Manyazi ake. M'bale wanga yemwe.

Lamlungu, 14 Seputembala

Nkhomaliro kwa amayi tikuchokera ku tchalitchi. Nkhuku yokazinga, nyemba, bata. Ndinawapanikiza amalume pa tebulo pomwepo. Wotsogola akapita, onse apita. Wotsogola akakhala, sitalaka yagwira. Ndipo sakutaya kanthu: pakapanda kuthamangidwa pa 27, mapointi akhala momwe alili, chikho n'chawobe. Masamu a sitandade wani. Ogula akagwirizana wogulitsa amagwada, ndinalemba mayeso pa zimenezi.

Funso lawo linali limodzi. "Anthu amenewa ukuwadziwa, Raelyn?" Ndinati analumbira ine ndikuona. Iwo: "Hoyt uja walumbirapo katatu pamaso pa abusa, akazi ake osiyanasiyana."

Amayi anandiponda phazi pansi pa tebulo. Sindinasiye. Ndinati ngati munthu wa msinkhu wawo sangaime nji pa chinthu chimodzi, ife achinyamata tiphunzira kwa ndani. Mwina ndinatchulanso za mantha, sindikukumbuka bwino. Anapukuta pakamwa nthawi yaitali.

"Chabwino. Iwe ndiye mtsogoleri. Wati ndikhale, ndikhala."

Chigonjetso choyamba! Amayi sakundiyankhula. Adzamvetsa zikadzatheka.

Lachinayi, 18 Seputembala

Ndatuluka mu nyuzipepala ya m'tauni, tsamba lachitatu, pansi pa nkhani ya ng'ombe yothawa. Chithunzi chabwino ndithu. Ndauza mtolankhani kuti pa 27 bwalo lidzakhala ngati manda. Wazilemba ndi zilembo zikuluzikulu. Ndatumizanso uthenga ku magulu onse a othamanga, mpaka a ku Kentucky. Dziko lonse lidziwe kuti kuno sikudzakhala munthu.

Ndinapita kukawachenjeza mayi Verna, mwaulemu. Ndinawapeza akupenta chimbudzi okha. Ati Bungwelo limawadula iwo kuposa ife, inshulansi yokha imawasowetsa tulo, koma geti adzatsegula chifukwa ambulansi analipira kale. Kenako anafunsa ngati ndikukumbuka lamulo la wothamanga yekha. Ndikulidziwa, ndinakulira pomwepa: ukasowa wopikisana naye umathamanga wekha, ndimeyo n'kukupatsa yaulere pamodzi ndi mapointi ake. Nanga likukhudzana bwanji ndi sitalaka? Anangoseka mpaka penti kudonthera pa nsapato. "Pita bwino, mwanawe."

Akuluakulu a kuno zonse amaseka. N'chifukwa chake palibe chimasintha.

Kampani ya ku Nashville imene ndinafunsirako ntchito yayankha. Ati alemba wina. Atayika okha.

Lachinayi, 25 Seputembala

Sabata yotanganidwa ku shopu, Odom akudabwa. Lemuel wagula matayala akumbuyo atsopano, ati a chaka chamawa, akuopa kukwera mtengo. Munthu wayamba kuganiza za patsogolo. Beasley wamkulu, amene anasiya kuthamanga kalekale, anabwera kudzapopetsa matayala a ngolo. Ati akufuna kunyamulira nkhuni.

Podutsa kwa Hoyt ndinamva injini ikubangula. Anatuluka akupukuta manja. "Ndikungoitenthetsa isachite dzimbiri, a Pulofesa. Tili limodzi!" Anandikwezera chibakera. Ndinakweza changa.

Kwa amalume zii. Malibu afunditsa lona, batire achotsa, ngolo aikamo miphika ya maluwa ya malemu azakhali. Anandipatsa khofi, tinakamba za mvula.

Chikwangwani chauma: BUNGWE, TATOPA. Ndakonzanso mawu oti ndidzamuuze mkulu uja akadzatsika m'galimoto n'kupeza ine ndekha.

Loweruka, 27 Seputembala

Anthu ndi mchenga, saumbika.

Ndinafika pa geti m'mawa, chikwangwani m'manja, mtolankhani pambali. Zii, mbalame zokha. Mtima mbee. Kenako fumbi. Lemuel. Anatsitsa galasi: "Ndabwera kudzaona ngati pali ena ophwanya pangano." Galimoto ili pa ngolo kumbuyo, matayala a chaka chamawa atamanga kale. Pambuyo pake Beasley, nkhuni zake zili ndi injini. Pambuyo pake wina, wina, winanso. Aliyense ankafika monyang'ama, chipewa chotsitsa, akuyembekezera kupeza bwalo lopanda munthu, athamange yekha tsiku lonse, atole mapointi ndi mphotho ngati bowa. Aliyense ankadabwa kupeza mnzake. Anatukwanana pa mzere, uyu kunena uyo kuti ndi Yudasi. Mzere unafika ku msewu waukulu. Anabwera a ku Kentucky, anabwera ena oti sitinawaonepo, atawerenga nyuzi kuti kuno kulibe munthu. Mayi Verna masoseji anawathera dzuwa lisanafike pamutu.

Hoyt anafika mochedwa, ndevu zili bwinobwino. "A Pulofesa, ndinamva kuti Lemuel walowa. Ndikanangomusiya adye yekha? Ndalowa kukateteza sitalaka."

Amayi anandiimbira foni. "Muimbire mlongo wanga, Raelyn. Kulembetsa akutseka masana. Akangomva mawu ako abwera." Ndinati ndiimba. Foni inali m'manja. Koma mtolankhani anali akulemba zimene ndinali nditangomuuza kumene, zoti wotsogola pa mapointi wanyanyala, ndipo uthenga waukulu ndi umenewo. Amalume akanabwera, akanalemba chiyani? Ndinati ndidikire pang'ono, mwina ena achita manyazi atuluka. Ndinadikira. Ndinamva pa chimkuzamawu akuti kulembetsa kwatsekedwa.

Hoyt anadutsa ndime ziwiri. Zinakwana. Chikho ananyamula ndi manja awiri, analira ndithu, anathokoza Mulungu ndi shopu ya Odom.

Mkulu wa Bungwe, shati yoyera yosaonapo girizi, anandigwira chanza pa geti. Chikwangwani ndinali nditachitembenuza chifukwa cha dzuwa. Ati sanaonepo khamu lotere pa kabwalo kakang'ono, ndani anayendetsa zolengeza? Mawu ndinakonza aja sanatuluke.

Ndinadutsira kwa amalume. Kapinga yense wotchetcha, wa oyandikana nawo womwe, mpaka m'mphepete mwa msewu. Mphepo ikamachokera ku bwalo injini zimamveka bwino pakhomo pawo. Lero inkachokera konko. Anali pa khonde, udzu m'nsapato. Ine sindinatsike m'galimoto, ndinangokweza dzanja.

Lachitatu, 8 Okutobala

Sindinalembe. Panalibe cholemba. Ku shopu akundiitana "a Tcheya". Lemuel anabwera kudzadandaula kuti sitalaka inakonzedwa mosalongosoka, chaka chamawa tiyambe msanga. Hoyt waika chikho pa dashibodi, akuyenda nacho ngakhale ku maliro.

Bungwe lalengeza kuti poona khamu lija bwalo lathu lakwezedwa giredi. Chaka chamawa malipiro onse atsata giredi yatsopanoyo. Mayi Verna ati adzandiikira chikwangwani cha dzina langa pa chimbudzi chija.

Dzulo foni. Mkulu wa shati yoyera. Anafufuza, wadziwa kuti ndine, ndipo akuseka. Ati munthu wotha kudzaza bwalo pouza anthu kuti asabwere sangamusiye azigulitsa matayala. Pali mpando: wolumikizitsa Bungwe ndi othamanga. Ofesi mumzinda, malipiro enieni, inshulansi ya mano yomwe. Ndikaonane nawo Lolemba.

Ndinafuna kumutukwana. Ndinafunsa nthawi.

Ndikaganiza bwino, zinthu zimasinthidwa uli mkati. Panja pano ndayesa, ndaona. Munthu mmodzi wozindikira m'kati mwa Bungwe angachite zambiri kuposa garaja yodzaza ndi akina Hoyt. Si kugulitsa anzanga. Anzanga ake ati?

Vuto ndi galimoto. Yanga singafike mumzinda, ikutentha ikangoona chitunda. Ya amayi sindingapemphe, akundipatsa moni ngati wobwera kudzawerenga mita. Yatsala pikapu ya amalume.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndinapita. Mawu ndinakonza m'njira monse.

Garaja yotsegula, mulibe kanthu. Malibu anagulitsa Lachinayi kwa munthu wa ku Kentucky, mmodzi mwa amene anabwera tsiku lija. Lona atapinda pakona, pansi banga la oilo, iwo akusesa. Malamba atsopano amene anagula m'malo mwa otha nthawi aja anaperekera limodzi, asanawamangepo pa mpikisano wa chikho.

Ndinayamba kufotokoza za kusintha zinthu uli mkati. Sindinafike pakati. Anapisa m'thumba, makiyi m'manja mwanga. Ati tanki ndi yodzaza, buleki imafuna kuponda kawiri, ndipo ndikavale nsapato zina chifukwa izi zikununkha shopu. Osakweza mawu, osandiyang'ana moipa. Ndikanakonda akanandilalatira.

Ndili pa geti anandiitana, tsache lili m'manja, akundisuzumira ndi diso labwinolo.

"A Pulofesa, sitalaka ija ikadalipo? Chifukwa ine palibe wandiuza kuti yatha."

Ndinaliza pikapu n'kuchoka. Makiyi ali pa tebulo apa, malaya ndasita. Foni ndaitola kangapo, nambala ya amalume ili pamwamba penipeni, ndikungoyenera kunena kuti yatha, pepani, koma sindinaimbebe.