Chiliza cha Agogo Chilibe Dzina

Okondedwa achimwene a Saulosi,

Kuno ku Nsaru tili bwino, kaya inu ku Joniko?

Mmisiri wa chiliza cha agogo akufuna dzina loti alembepo. Ndinapita kulaibulale m'tauni monga munanenera. Mayi wogwira ntchito kumeneko anandiyalira mabuku a mbiri ya mafumu ndi nyuzipepala zakale, kenako anafunsa kuti, "Dzina lawo lenileni ndani?"

Paja tonsefe tinkangowatchula kuti aNaphiri, mwaulemu. Nanga aNaphiri si ali m'mudzi uliwonse?

Odziwa dzinalo atsala amayi athu aang'ono okha, a Modesta, koma nawonso ayamba kuiwalaiwala. Dzulo nditawafunsa, anandiyang'anitsitsa n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Ngati mukubwera, achimwene, musadikire Khirisimasi.

Ine mlongo wanu,
Dorika