Asilikali Akukana Kuwoloka Mlatho

Lolemba, 25 Ogasiti

Mwezi wa mizimu wayamba, Njati nayo yayamba misala. Injini yathu yokalamba ija, pulogalamu yoyendetsa masewera apakompyuta. Masewera onse ankhondo omwe kampani ino inatulutsapo amayendera pa iyo. Lero asilikali a m'masewera atsopanowa afika pa mlatho, aima, atembenuka. Gulu lonse kubwerera kumsasa popanda wowalamula.

Chun-yeh wa desiki yoyandikana nane akuti vuto ndi paketi yobiriwira ya tokukuta ija timaika pamwamba pa seva, kompyuta yathu yaikulu ija, kuti makina asavute. Yatha masiku. "Makina nawo amawerenga deti, iwe." Ndamuseka. Kenako ndatsika kukagula ina.

Lachitatu, 27 Ogasiti

Paketi yatsopano, misala yomweyo. Abwana, Mayi Liao, akufuna masewera atuluke mwezi uno ukangotha. Ayambanso nyimbo yawo ija: titaye Njati, tigule injini yakunja ngati anzathu. Amalankhula ngati n'kusintha tayala la njinga.

Gawo lofufuza njira, lomwe limauza asilikali kodzera, amalidziwa ndi a Tsao okha, mdala wathu wa mu ofesi muno. Analilemba ine ndikadali ku pulayimale. Enafe timangolilambalala ngati galu wa eni. Ndawafunsa. "Ndakonza kale dzulo, mwana iwe." Sanakonze.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Nsembe ya mizimu pakhomo pa ofesi. Tebulo lodzaza zipatso, zofukiza, utsi wowawa m'maso. A Tsao kundifunsa ngati ndadya, ndayankha, pakapita kanthawi kundifunsanso.

Masana ndinaima kumbuyo kwawo. Anasintha mzere umodzi n'kupita kukatenga tiyi. Pobwera anauyang'ana mzere womwewo n'kukalipa: "Wagwira apa ndani?" N'kuusinthanso, molakwika. Sindinauze munthu.

Lachiwiri, 2 Sepitembala

Tsopano asilikali aja sakubwereranso kumsasa. Akulowa mumtsinje ali pamzere, mbendera m'mwamba, n'kumira onse. Oyesa masewera akuseka mpaka misozi. Ine sizikundiseketsa.

A Tsao akapita kukadya ndikumabweza mwakachetechete zomwe asintha. Zina ndikuziona, zina zikundidutsa. Kuchita ngati wakuba, kwa munthu yemwe anandilemba ntchito ndisakudziwa kanthu. Chun-yeh wandipezerera. "Ubisa mpaka liti? Mayi Liao si akhungu." Ndinafuna kumugenda ndi kapu. Chondiwawa n'choti akunena zoona.

Lachinayi, 4 Sepitembala

Akazi awo a Tsao andiimbira foni. Dzulo bambowo anatsika sitima ku Banqiao, komwe ankakhala kalekale, n'kumagogoda pakhomo pa anthu osawadziwa. Zopita kuchipatala sakufuna kumva. Mayiwo kundichonderera: "Musawachotse, chonde. Kunyumba kuno amangoyang'ana khoma. Kuntchitoko ndiye amakhala munthu."

Ndawauza kuti palibe angawachotse. Mphamvu zolonjeza zimenezo ndazitenga kuti?

Ndikanena, awachotsa, Njati itayidwa nawo limodzi. Ndikakhala chete, masewera atuluka ndi asilikali omira, ndipo kakampani ngati kathuka sikangadzukenso. Kunja kwatentha, mpweya kulibe, akuti namondwe ali m'njira. Ndikuopa. Mpunga wa masana ndabwerera nawo kunyumba osautsegula.

Lolemba, 8 Sepitembala

Ndinabwera nditatsimikiza mtima: lero ndigogoda kwa Mayi Liao. Ndisanaike n'komwe chikwama pansi, a Tsao kundikodola. Ndevu ameta, malaya ositasita, mpando wachiwiri aukokera kale pa desiki yawo.

"Ndikudziwa zomwe umachita ndikapita kukadya. Ndikudwala, koma sindine chitsiru. Khala apa, ndikupatse Njati mutu uno usanatheretu."

Ndinakhala. Manyazi, chisoni, ndi kachimwemwe pang'ono, ndisaname. Anatsegula gawo lofufuza njira, mizere yawo yomwe ija mbwee pa kompyuta. Anayang'ana. Anatsikira m'munsi, n'kubwereranso pamwamba. Tiyi wawo mpaka kuzizira. Kenako motsitsa mawu, kuti Chun-yeh asamve: "Tandiuza, mwana iwe. Chimenechi chimagwira ntchito yanji?"

Ndinayamba kuwafotokozera tochepa tomwe ndikudziwa, iwo n'kumagwedeza mutu, kumvetsera mwaulemu. Pomwe nzeru zanga zinathera tinangoyang'ana mizere yotsalayo tonse awiri.

Kwa Mayi Liao sindinapite. Anditumizira uthenga kuti akufuna kundiona mawa m'mawa, ndekha. Ndikawauza chiyani? Sindikudziwa.