Mtengo Umodzi, Mabanja Atatu

Bambo a Dyna,

Mwadzuka bwanji? Tiyamike Ambuye potidzutsa amoyo. Mukapeza khola lili pululu musakuwe, si akuba. Ng'ombe ndapita nayo kwa achimwene ku Ludzi. Pepani posakudzutsani, mukanandiletsa.

Dzulo kukwaya ndinaonetsa anzanga chithunzi cha mtengo wanu wa makadamiya, uja akampani akuti akukusamalirirani kumunda komwe simunapondeko. Mayi a Eneya anatulutsa foni yawo, a Esitele nawonso. Bambo, mtengo ndi womwewo, ndi mbuzi yakuda yomweyo itaima kumbuyo! Mikate isanu inadyetsa khamu, inde, koma mtengo umodzi kukhala wa mabanja atatu, chozizwitsa chimenechi sindinachimvepo paguwa.

Ndiye ng'ombe yotsalayi simuigulitsa kuti muwonjezere mitengo ina. Inu ndinu odala, mwakhulupirira musanaone. Ine ndine Tomasi. Bambo wa tayi wa kukampani uja akabwera lero, mumuuze atitengere kumundako, ndikagwire tsinde ndi manja angawa.

Mbatata ndavundikira patebulo.

Ambuye akusungeni, akutsekuleni maso, ndipo adalitsenso mbuzi ija, poti ikulondera yokha chuma cha parishi yonse.

Ine wanu,
Felesita